Wigi ya Mayi Busa

Mawu: 2 Samueli 10:1-5

Kaya muli kukhitchini, kaya muli paulonda, kaya muli pabedi la kuchipatala kawailesi kali pakhutu, mtendere wa Mulungu ukhale nanu.

Nkhani ya usiku uno ena muidabwa. Ndilankhula za wigi. Eya, mwamva bwino, musagwedeze wailesi ayi. Ndilankhula za munthu amene tsitsi lake lathothoka, wavala wigi, ndipo akusowa poyambira kuti awauze amuna ake, ana ake, apongozi ake ndi anzake a kumpingo. Ndilankhulanso ndi inu amene tsiku lina mudzauzidwa nkhani yotereyi.

Ndisanapitirire, dziwani kuti zonse zimene ndinene zokhudza pakhomo panga ndayamba ndapempha kwa eni ake. Mayi busa andilola, ndipo pano akumvera kunyumba. Akanakana, sindikanatsegula pakamwa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Tamvani zimene zili m'ndime yathu. Nahasi, mfumu ya Aamoni, anamwalira. Davide anakumbukira kuti malemuwo anamuchitirapo zabwino, ndiye anachita zimene ifenso timachita kuno kwathu. Anatuma anthu kuti akapepese maliro kwa mwana wa malemuwo, Hanuni. Koma nduna za Hanuni zinamunong'oneza kuti alendowa sanadzere maliro, ndi akazitape. Hanuni anawagwira amuna aja, n'kuwameta ndevu mbali imodzi, mbali inayo n'kuisiya. Anawadulanso zovala chapakati mpaka matako kuonekera, n'kuwathamangitsa.

Taganizani, abale anga. Palibe anathyoka mwendo. Magazi sanatuluke. Ndevu sizimva kuwawa pozimeta. Koma amuna aja, akuluakulu otumidwa ndi mfumu, manyazi anawagwira kwambiri. Akalowa bwanji mumzinda? Akazi awo akawaona bwanji? Nanga ana a m'misewu?

Davide atamva, sanadikire kuti anthuwo afike pabwalo lake ali choncho. Anatuma anthu kukawachingamira kunjira. Uthenga wake unali woti ayambe akhala kaye mumzinda wa Yeriko, asafulumire, ndipo ndevu zikamera adzabwere kwawo. Mfumu yankhondo, yopha Goliati, inadziwa kuti manyazi ndi bala, ndipo bala limafuna pobisala kuti lipole. Davide sanawaseke. Sanawauze kuti limbani mtima, ndi ndevu chabe izi. Anawapatsa Yeriko.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Nditangotuluka kusukulu ya Baibulo, setifiketi ili m'manja, moto uli m'mutu, ndinali mdani wa mawigi. Ndinkalalikira zimene ndinamva kwa ena, zoti tsitsi loikirira limachokera pansi pa nyanja, zoti lili ndi mizimu. Lamulungu lina ndinatentha kwambiri paguwa. Ndinati aliyense amene wavala tsitsi la eni ake alivule pompano, aliponye kutsogolo kuno, tikalitenthe panja. Amayi angapo anavula, anthu akuomba m'manja. Koma mayi wina wa kwaya, amene ankakhala pabenchi lachitatu, anagwira mutu wake ndi manja awiri. Mmodzi mwa othandizira anamuyandikira, natambasula dzanja kuti amuvule. Mayi uja anadzuka, anatenga Baibulo lake ndi mwana wake, n'kutuluka. Ine ndili paguwa ndinafuula kuti chiwanda chathawa moto. Mpingo unati Ameni. Mayi uja sanapondenso pakhomo la tchalitchi chathu.

Ine ndinaiwala. Kumwamba sikunaiwale.

Zaka zitatu zapitazo mayi busa anapeza kachotupa kubere lakumanzere akusamba. Tinapemphera, ndipo tinapitanso kuchipatala. Zonse ziwiri, mukundimva? Atayeza anati ndi khansa ya m'mawere. Anawachita opaleshoni, kenako anayamba kulandira mankhwala a m'diripi amene madokotala amawatchula kuti chemotherapy, kamodzi pa masabata atatu alionse, maulendo 6. Anamwino anatifotokozera bwino. Anati khansa ndi maselo a m'thupi amene akuchulukana mothamanga mopanda lamulo, ndiye mankhwalawa amasaka maselo ochulukana msanga n'kuwapha. Vuto ndi loti mizu ya tsitsi nayonso ili m'gulu la zochulukana msanga, ndiye imapsera limodzi. Anati si mankhwala onse a khansa amene amathothola tsitsi, koma awa amene tikupatsaniwa amatero. Anatinso likathothoka musataye mtima, kwa ambiri limameranso mankhwala akatha.

Ine ndinamva, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Maganizo anga anali pa imfa ndi pa ndalama ya thiransipoti. Patapita masabata awiri ndi masiku ochepa chilandirireni diripi yoyamba, ndinaona kuti mayi ayamba kugona ndi mpango kumutu. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, koma mpango osachoka. Kubafa ankatseka chitseko ndi loko, chinthu chimene sankachita. Ine ndinkangoti ndi kufooka kwa matenda.

Tsiku lina ndikufuna malaya m'sutikesi, ndinapeza jumbo yomangidwa bwinobwino. Kumasula, munali tsitsi. Tsitsi la akazi anga, lodzaza manja awiri. Ndinakhala pansi pomwepo.

Usiku ana atagona ndinawafunsa. Ndinati, "Mayi, bwanji simunandiuze?"

Anati, "Bambo, ndimaopa."

Ndinati, "Mukuopa imfa?"

Anati, "Imfa ndinaisiya m'manja mwa Mulungu. Ndimaopa inu. Ine ndikufuna wigi kuti ndizitha kupita kutchalitchi ndi kumsika anthu osandiyang'anitsitsa. Koma ndinalipo tsiku lija munatulutsa mayi wa kwaya uja. Ndinali nawo oomba m'manja."

Abale anga, ndalalikira maulaliki ambiri, koma ulaliki umene unandilasa ine ndi umenewo. Mkazi amene ndakhala naye zaka 19, wondiberekera ana, ankasenza khansa ndi dzanja limodzi, dzanja linalo akubisa mutu wake kwa ine. Ndinali Hanuni m'nyumba mwanga momwe.

Ndinawapempha kuti avule mpango. Anazengereza, kenako anavula. Tsitsi linali litatsala apa ndi apo, ngati munda umene mwadutsa mbuzi. Sindinalankhule zambiri. Ndinagwira mutu uja ndi manja anga awiri, ndinapepesa, tinalira. M'mawa mwake anandipempha kuti ndimete lotsalalo, chifukwa kuona likugwa pang'onopang'ono pa pilo kunkawapweteka kuposa mpala. Ndinawameta ndekha.

Sabata imeneyo ndinabwerera m'Baibulo, osati kukafuna vesi yomenyera munthu, koma kukafunsa. Ndinapeza Levitiko 13, ndime 40 ndi 41. Mutuwo ukukamba za nthenda za pakhungu zimene zinkachititsa kuti munthu apatulidwe. Koma pofika pa munthu amene tsitsi lake lathothoka, kaya pakati pamutu kaya chapamphumi, lamulo la Mose likumuyesa woyera. Ndi dazi basi, palibe chodetsedwa. Ndinapeza mneneri Elisa, munthu wodzozedwa, ali ndi dazi, pa 2 Mafumu 2. Anyamata amene anamunyoza chifukwa cha mutu wake panjira ya ku Beteli, 42 mwa iwo anakhadzulidwa ndi zimbalangondo ziwiri. Ndinawerenganso mavesi amene ndinkakonda aja, 1 Petro 3:3 ndi 1 Timoteo 2:9. Ndinaona kuti atumwi akudzudzula mtima wodzionetsera, woika ulemerero pa golide ndi zovala zodula. Sakukamba za mayi wodwala amene akufuna kungodutsa pamsika mwamtendere.

Ndinadzifunsa kuti kodi m'bale wovala magalasi tinamuuzapo kuti ali ndi maso a ziwanda? Nanga wa dzino loikirira? Wa mwendo woikirira timamuthokozera Mulungu kuti akuyendanso. Nanga wa tsitsi loikirira walakwa chiyani? Mawigi ambiri amene ali pamsikawa ndi ulusi wa pulasitiki wopangidwa kufakitale. Ena odulawo ndi tsitsi lenileni la anthu, lambiri lochokera ku India ndi ku China. Amabwera pa sitima ndi pa ndege m'makatoni, ngati nsapato. Za amene amavala pofuna kutchena chabe, mipingo imaphunzitsa mosiyanasiyana, ndipo lero sindilowako. Ine ndikukamba za wigi imene ili Yeriko wa munthu, pobisala pake podikira kuti tsitsi limere.

Tinapita limodzi ku Limbe kukagula. Mtsikana wogulitsa anandizindikira, nati, "Abusa, nanunso?" Ndinati, "Eya mwanawe, nanenso. Tipatse yaifupi, yakuda, yofanana ndi tsitsi la amayi akowa." Mayi atavala n'kudziyang'ana pagalasi, anaongola mapewa. Ndinali ndisanawaone ataima choncho chiyambireni matenda.

Koma kugula n'kosavuta. Ntchito inali kuuza anthu.

Tinayamba ndi ana, chifukwa mwana amaona zonse, ndipo ukapanda kumuuza amadzipangira nkhani yoopsa kuposa yeniyeniyo. Tinadikira titadya nsima yamadzulo. Mayi awo analankhula okha, mawu ochepa. Anati, "Ana inu, mankhwala amene ndikulandira ndi amphamvu, akumenya matenda, koma athothola tsitsi langa. Ili mukulionali ndi loikirira. Langa lidzameranso." Kenako anavula.

Mnyamata wathu wamng'ono, wazaka 7, anafunsa mafunso awiri. Loyamba anati, "Ndikakugwirani, langanso lithothoka?" Anamuyankha kuti ayi, khansa siipatsirana, bwera udzagwire. Anagwira. Lachiwiri anati, "Kodi mumwalira?" Pamenepo m'nyumba munati zii. Mayi ake sanamunamize. Anati, "Matendawa ndi aakulu, koma madokotala akundithandiza, ndipo Mulungu ali nafe. Chilichonse chikasintha tidzakuuza." Mwana uja anakhutira. Posakhalitsa anatola wigi ija, anaivala chammbuyo, nayamba kuyenda ngati mayi ake popita kukapereka chopereka. Tinaseka mpaka misozi. Kunali kuseka koyamba m'nyumba mwathu patapita mwezi wathunthu.

Mtsikana wathu wamkulu, wa Fomu 3, sanaseke. Analowa kuchipinda. Patapita masiku awiri ndi pamene ananena chimene chinkamudya. Anati, "Adadi, anzanga akadziwa azinena kuti amayi ali ndi kachilombo." Mukudziwa mmene tilili kuno kwathu. Munthu akangoonda pang'ono, tsitsi n'kuyamba kupyapyala, tamuyeza kale magazi ndi maso athu. Ndinamuuza zinthu ziwiri. Ndinati matenda a amayi ako ndi khansa. Koma ngakhale akanakhala a kachilombo, si chinthu chothawira mayi wako, anthu akumwa ma ARV n'kumalera ana awo bwinobwino. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sanasinthe tsiku lomwelo. Tinamupatsa nthawi, nayenso ankafuna Yeriko wake. Koma pomafika diripi yachinayi, ndi iyeyo amene ankachapa wigi ya amayi ake Loweruka lililonse n'kuiyanika pamthunzi.

Kenako kunabwera amayi anga ondibereka kuchokera kumudzi, kudzazonda matenda. Apa tinagwirizana chinthu chimene ndikufuna mabanja muchimve. Mayi busa anati, "Abale anga ndiwauza ndekha. Abale anu muwauze ndinu." Amuna inu, musamusiye mkazi wodwala kuti akadzifotokoze yekha pamaso pa apongozi ndi alamu ake. Mtolo umenewo ndi wanu.

Ndinakhala nawo pakhonde amayi anga, ndinawafotokozera. Anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, kwathu mkazi amameta mpala pamaliro. Uyu wameta iwe uli moyo, akukulosera chiyani? Ndipo tsitsi silichoka lokha. Alipo amene akumumeta usiku. Tiyeni naye kwa anthu akaone." Sindinawakalipire. Ndi mayi anga, ndipo ankalankhula chifukwa cha mantha. Ndinangowapempha kuti pa diripi yotsatira atiperekeze. Anapita. Anakhala pabenchi, naona amayi ena, achikulire ndi atsikana, ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena ovala maduku, ena zipewa, ena mitu ili pamtunda, onse pa mankhwala amodzimodzi. Pobwerera m'minibasi sanalankhule. Madzulo ndinawamva akuitana kuchipinda, "Apongozi, bwerani kuno ndikudzozeni mafuta kumutuko, khungu lauma." Za kwa sing'anga sanazitchulenso.

Kumpingo ndi kumene tinapunthwa. Mayi busa anasankha amayi awiri oti awauze, kuti aziwapempherera. Mmodzi anasunga. Winayo anapita nayo nkhani ku pemphero la amayi la Lachinayi, nati, tiyeni tiwakumbukire mayi busa, mutu wonse uli mbee, ija avala ija ndi wigi. Pofika Lamulungu, maso a tchalitchi chonse anali pamutu pa akazi anga. Ndinamva kunong'ona kumbuyo, akuti abusa ankatiletsa ife, lero akazi awo avala.

Abale, pali miseche ina imene imavala jekete la pemphero. Nowa atagona wamaliseche m'hema, pa Genesis 9, Hamu anaona n'kukauza abale ake panja. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, anayenda chafutambuyo, n'kuwafunditsa bambo awo osawayang'ana. Mnzako akakuvulira mpango wake, wakuika m'hema mwake. Usatuluke nazo. Ngati ukufuna kuti ena apemphere nawo, yamba wamufunsa mwini wake.

Koma onong'ona aja pa chinthu chimodzi sananame. Ndinkaletsadi. Ndiye Lamulungu lotsatira ndinaima paguwa lomwe lija, ndinauza mpingo kuti ndinaphunzitsa molakwa, ndipo ndinavulaza munthu. Za matenda a mayi busa sindinanene, sinali nkhani yanga. Anadzanena okha patapita miyezi inayi, tsiku limene iwo anasankha, ataima kutsogolo ndi wigi yawo kumutu. Atatha kulankhula, amayi atatu anawatsatira kuseri kwa tchalitchi mmodzimmodzi. Wina anali ndi chigamba pamutu chimene amuna ake anali asanachionepo. Wina anali ndi chotupa kubere chimene anachisunga chaka chathunthu poopa mankhwala othothola tsitsi. Mayi busa anamuperekeza kuchipatala Lachiwiri lake.

Panatsala ngongole imodzi. Ndinamufunafuna mayi wa kwaya uja mpaka ndinamupeza akugulitsa pa kagolosale kake. Ndinavula chipewa, ndinapepesa. Anandiuza kuti tsitsi lake linayamba kuchoka ali mtsikana, zigamba zozungulira ngati ndalama yachitsulo, mpaka mutu wonse. Ndi nthenda imene madokotala amaitchula kuti alopecia, pamene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake yemwe. Siipatsirana, ndipo si ufiti. Anati tsiku lija pa tchalitchi chonse ankadziwa ndi amuna ake okha. Kenako anati, "Abusa, ndinakukhululukirani kalekale. Koma kubwerera ayi. Ndinapeza kwina kumene sandivula." Ndinalibe choyankha. Mpaka lero malo ake pabenchi lachitatu ndimawaona. Kukhululukidwa ndinakhululukidwa, koma nkhosa ija ndinaitaya ndi pakamwa panga.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mlongo wanga, iwe m'bale wanga, amene ukumvera dzanja lili kumutu.

Choyamba, dziwa chimene chachotsa tsitsi lako. Munthu aliyense amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100 patsiku, zimenezo n'zachibadwa. Koma likamachoka lodzaza chipeso, kapena kusiya zigamba, pita kuchipatala. Kwa amayi ena limathothoka patapita miyezi itatu kapena inayi atabereka, ndipo limabwerera lokha. Kwa ena ndi kuchepa kwa magazi, kwa ena ndi vuto la chithokomiro, kwa ena ndi pambuyo pa matenda aakulu kapena nkhawa yaikulu. Kwa ana kawirikawiri ndi chipere, chimene chimapatsirana koma chili ndi mankhwala. Kwa amayi ambiri ndi kuluka kokoka kwambiri, mameshi olemera, ndi mankhwala owongolera tsitsi amene amawotcha khungu. Limayamba kutha m'mbali ndi pamphumi, ndipo ukapitiriza kukoka zaka zambiri mizu imafa osameranso. Ukadziwa chifukwa chake, pakamwa pamapepuka, chifukwa uli ndi chonena.

Ndipo ngati uli pa mankhwala a khansa, usawathawe chifukwa cha tsitsi. Zipatala zathu zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, zimathandiza matenda amenewa. Tsitsi limamera pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Moyo ukapita sumeranso.

Chachiwiri, nkhaniyi ndi yako. Suli pa mlandu woti uulule kwa aliyense. Kuvala wigi osalengeza si bodza, monganso kuvala malaya si bodza. Koma usasenze wekha, mutu umodzi susenza denga. Yamba ndi munthu mmodzi amene ukudziwa kuti pakamwa pake pali chitseko. Ngati uli pabanja, amene umagona naye chipinda chimodzi asakhale womaliza kudziwa. Sankha nthawi yabata, osati pa mkangano, osati pa ukwati kapena pamaliro. Mawu ake asachuluke. Unene chimene chachitika, chimene wasankha kuchita, ndi chimene ukufuna kwa iye. Mwachitsanzo, "Tsitsi langa lathothoka chifukwa cha matenda. Ndayamba kuvala wigi. Ndakuuzani chifukwa ndimakudalirani, ndipo ndikupempha kuti zithere pompano." Basi. Wina wa pamsika akakufunsa mwachipongwe kuti kodi limeneli ndi lanu, ukhoza kungoti, "Ndi langa, ndinagula ndekha," n'kupitiriza ulendo. Mayi busa ankayankha choncho.

Ndipo ngati wigi sukuifuna, ukufuna duku, chipewa, kapena kuyenda ndi mpala wako poyera, ndi ufulu wako. Yeriko wa wina si Yeriko wa mnzake. Ukasankha wigi, mayi busa akuti ndikuuze izi: uzivala kansalu kofewa mkati kuti isakukande, usamate ndi guluu pakhungu lanthete, uziivula pogona kuti mutu upume, uziichapa, ndipo ya pulasitiki isayandikire mbaula chifukwa imasungunuka. Mutu wopanda tsitsi umapsa ndi dzuwa ndipo umazizidwa mu Juni, uziuphimba.

Tsopano inu a pabanja, abwenzi, ndi atsogoleri anzanga. Chitani zimene anachita Davide.

Anawachingamira. Mukaona mpango sukuchoka kumutu, tsitsi lili pa pilo, musadikire kuti munthu adzikokere yekha kwa inu. Musamufunse pagulu. Mupezeni pa yekha, munene kuti ndilipo, ukafuna kulankhula undipeza. Akakuuzani, mawu anu oyamba ndi amene adzawakumbukire moyo wake wonse. Musati ndi tsitsi chabe. Kwa inu ndi tsitsi chabe chifukwa lanu lili pamutu. Musayambe kumuwerengera anthu amene anamwalira ndi matenda ngati akewo. Musathamangire kumubweretsera mafuta odabwitsa ndi zitsamba za pa WhatsApp. Muthokozeni kuti wakudalirani, mumufunse kuti ndikuthandize bwanji.

Anawapatsa malo ndi nthawi. Musamukakamize kuvula kuti muone. Musamugwire kumutu. Ife a Pentekosite timakonda kusanjika manja, ndipo ndi za m'Baibulo, koma abusa anzanga, dzanja lanu lisakankhe mutu wa mayi mpaka wigi kugwa pansi anthu akujambula pa foni. Gwirani paphewa. Mzimu Woyera sasowa njira. Ndipo ikagwa mwangozi, amayi amene muli pafupi mutchingireni ndi chitenje, ngati Semu ndi Yafeti.

Anawauza kuti adzabwere kwawo. Yeriko sanali ndende. Malo awo kunyumba ya mfumu anali kuwadikira. Mayi amene wavala wigi asachotsedwe pa kwaya, asachotsedwe pa mndandanda wophika pa zochitika, asaleke kuitanidwa ku zinkhoswe. Amuna inu, mkazi wanu akavula usiku, nkhope yanu ndiyo galasi lake. Ndipo pali ena, ngati mayi wa kwaya uja, amene tsitsi lawo silidzameranso. Amenewo asadikire kumera kuti alandiridwe. Abwere lero, mmene alilimo. Paja akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ine ndinakana kuzimira mnzanga, ndipo moto unafika pakhomo panga.

Mwina mukufunsa kuti mayi busa ali bwanji lero. Tsitsi linayamba kumera patapita miyezi iwiri atamaliza mankhwala, lofewa ngati la khanda, ndipo lina linabwera ndi imvi. Amapitabe kuchipatala kukaonedwa pa masiku amene anawapatsa, ndipo tikuyamika Mulungu pa tsiku lililonse. Wigi ija anaichapa, anaiika m'jumbo yatsopano, n'kuipereka kwa mayi uja anamuperekeza kuchipatala.

Ambuye Yesu, pa Luka 12:7, anatiuza kuti Atate amadziwa chiwerengero cha tsitsi la pamutu pathu. Ngati amadziwa limene lilipo, amadziwanso limene lagwa. Lija munalibisa m'jumbo pansi pa sutikesi, Iye analiwerenga kale.

Tiyeni tipemphere. Ngati ndi kotheka, ika dzanja pamutu pako, kaya pali tsitsi, kaya pali duku, kaya pali wigi.

Atate wathu wakumwamba, ndikubweretsa kwa Inu mwana wanu amene akumvera ali ndi manyazi. Mukudziwa chimene akubisa, ndi amene akuopa kumuuza. Mpatseni munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo mpatseni mawu. Gwirani mitima ya amuna, ya akazi, ya ana ndi ya apongozi, kuti akamva asaseke, asathawe, asakafalitse. Amene ali pa mankhwala apatseni mphamvu yomaliza. Dalitsani manja a madokotala ndi anamwino. Tikhululukireni ife abusa pamene tavula anthu amene Inu munawafunditsa. Ndipo mayi uja amene ndinamutulutsa, kulikonse kumene akupembedza, mudalitseni. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Okondedwa omvera, nthawi yathu yatha. Ngati pali munthu amene uthengawu wakukumbutsani, musadikire Lamulungu. Mupiteni mawa, mukakhale naye pansi. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Ambuye akudalitseni.